KANEMA WOONEKA NGATI CHITHUNZI CHA PAKHOMA: KODI N'KOYENERA KUTHERAPO NDALAMA ZA FODYA?

MUALADZI — Mabelo a fodya akangochoka m'zigafa kupita ku msika, m'midzi ya ku Mualadzi m'boma la Chifunde mumayamba kumveka nkhani za zogula. Wina amafuna malata, wina njinga ya moto, wina ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, pomwe m'mabanja ambiri ana amakhala atachonderera kale kuti chaka chino pabalaza pafike wailesi ya kanema.

Masiku ano pempho la anawa silithera pamenepo. Amene ali ndi achibale ku Joni, ku Maputo kapena ku Lusaka amalandira pa lamya zithunzi za nyumba za m'tauni, ndipo china mwa zinthu zodabwitsa m'zithunzimo ndi kanema wa mtundu watsopano. Kanemayu akamuzimitsa sada bii ngati anzake, koma amasanduka chithunzi chopachika pakhoma, cha mapiri, maluwa kapena nkhope ya munthu, chozunguliridwa ndi felemu yooneka ngati ya thabwa. Mlendo wolowa m'nyumbamo sangadziwe kuti akuyang'ana kanema kufikira mwini wake atatola rimoti.

Kuti chinthucho n'chokongola palibe angatsutse. Koma ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka, kampani itadula kale ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndipo yotsalayo banja liyenera kufika nayo mwezi wa Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. N'chifukwa chake funso lakuti kanema wotereyu ndi woyenera kugula kapena ayi si laling'ono kwa mlimi wa m'malire muno.

Kodi kanemayu ndi wotani?

Amene anatchukitsa mtundu umenewu ndi kampani ya Samsung ya ku South Korea, imene mu 2017 inatulutsa kanema wotchedwa The Frame. Pokonza maonekedwe ake kampaniyi inagwira ntchito ndi katswiri wina wobadwira ku Switzerland, Yves Béhar. Ganizo lawo linachokera pa dandaulo la anthu a m'mizinda ikuluikulu, lakuti kanema wamkulu akazimitsidwa amakhala ngati chibowo chakuda pakati pa khoma, ndipo amaononga kukongola kwa pabalaza.

Pofuna kuthetsa dandauloli anachita zinthu zingapo. Kanemayu ndi wopyapyala ndipo amagona pakhoma penipeni osasiya mpata waukulu kumbuyo. Pa mitundu yambiri ya kanemayu, nthambo zonse za dekoda ndi zina sizilowa ku kanemayo koma ku kabokosi kena kamene kamabisidwa m'kabati, ndipo kuchokera ku kabokosiko kumapita kanthambo kamodzi kokha kopyapyala. Muli kachipangizo koyeza kuwala kwa m'chipinda, kotero kuti chithunzi chimawala masana ndi kuzirala madzulo. Mulinso kena kozindikira ngati m'chipindamo muli munthu, ndipo anthu akatuluka kwa nthawi yaitali chithunzicho chimazima chokha. Kuyambira mu 2022 galasi lake analipanga losanyezimira, kuti chithunzi chizioneka ngati cha papepala kapena pansalu.

Poona kuti malondawo akuyenda, makampani ena anatsatira. Mu 2024 Hisense inatulutsa wake wotchedwa CanvasTV, ndipo TCL inatulutsa NXTFRAME.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mkati mwake kanemayu sasiyana kwenikweni ndi makanema ena apakatikati. Mpira, nkhani ndi mafilimu zimaoneka monga zimaonekera pa anzake. Akatswiri oyesa makanema m'maiko a kunja akhala akunena kuti pa mtengo womwewo munthu angapeze kanema wina wowala bwino koposa, ndiponso woonetsa bwino malo amdima m'filimu. Ndalama yoonjezerayo munthu amalipirira maonekedwe a kanemayo pa nthawi imene palibe akumuonera.

Mtengo wake

Mu 2024, ku America, The Frame wa mainchesi 55 ankalembedwa mtengo wa pafupifupi madola 1,500. Chaka chimenecho dola imodzi inkasinthidwa ndi mametikali pafupifupi 64, kutanthauza kuti kanemayu anali wa mametikali pafupifupi 96,000 asanakwere sitima kapena galimoto. Kuti afike m'sitolo ya ku Mozambique pamaonjezeka ndalama ya mtengatenga, msonkho wa pachipata, msonkho wa IVA umene kuyambira mu 2023 uli pa 16 pa 100 iliyonse, ndi phindu la wogulitsa.

Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa kwa ogwira ntchito za ulimi anali opitirira pang'ono mametikali 6,000 pa mwezi. Choncho wantchito wa pa esiteti akanafunika kusunga malipiro ake onse a miyezi pafupifupi 15, osagula ngakhale mchere, kuti akwanitse mtengo wa ku America wokhawo. Pa msika womwewo kanema wamba wa msinkhu womwewo ankapezeka pa madola osafika 500. Mwa njira ina, ndalama ya kanema mmodzi wa chithunzi ikanagula makanema wamba atatu.

Nkhani sithera pa tsiku logula. Felemu yooneka ngati thabwa ija, imene imachititsa kanemayu kufanana ndi chithunzi chenicheni, kawirikawiri imagulidwa payokha. Zithunzi zimene zimabwera ndi kanemayo ndi zowerengeka. Wofuna zambiri, monga zojambula za m'nyumba zosungiramo zaluso za Louvre ku Paris kapena Prado ku Madrid, amayenera kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo amafunika intaneti. N'zoona kuti munthu angathe kuikamo zithunzi zake, za ukwati kapena za ana, kudzera pa lamya kapena pa fulashi popanda kulipira, koma zina zonse za pa intaneti zimadya bandulo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Nkhani ya magetsi

Chigawo cha Tete n'chimene chili ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, limene linatha kumangidwa mu 1974 ndipo lili ndi mphamvu yopanga magetsi okwana mamegawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsiwa limayenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Boma linakhazikitsa mu 2018 ndondomeko ya Energia para Todos yofuna kuti pofika mu 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo nthambo za EDM zafika m'malo ambiri amene kale kunali nyali ya parafini. Komabe m'midzi yambiri yotalikirana ndi msewu waukulu anthu amadalira sola ndi batire. Kwa anthu otere mawerengero otsatirawa ndi ofunika kwambiri.

Batire wamkulu wa 100Ah wa mavoti 12 akadzaza amasunga mphamvu yoyendetsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 12. Koma batire wamba wa asidi safunika kumutsitsa kupitirira theka, apo ayi amafa msanga. Choncho maola enieni ndi 6 okha. Kanema wa mainchesi 55 akamaonetsa mpira amatha kudya mawati ofika pa 100, ndipo poti amafuna magetsi a mavoti 220 ngati a EDM, pamafunika inveta, imene nayonso imadyako gawo lake. Izi zikutanthauza kuti mpira umodzi, nkhani za madzulo ndi filimu imodzi zikhoza kumaliza batire yense, mababu ndi malamya a m'nyumba osalandirako kanthu.

Makanema ang'onoang'ono opangidwira sola, monga a mainchesi 24, amalumikizidwa ku batire mwachindunji popanda inveta, ndipo amadya mawati pafupifupi 20. Pa batire yemwe uja angayende maola pafupifupi 30.

Tsono vuto lalikulu la kanema wa chithunzi lili apa: chithunzi chokongolacho si utoto, ndi kuwala kwa magetsi. Kuti chioneke, kanemayo ayenera kukhala akudya magetsi, ngakhale kuti amadya ochepa poyerekeza ndi pamene akuonetsa filimu. Ngakhale atamadya mawati 30 okha, maola 10 a masana angatenge mphamvu yofanana ndi theka la gawo lija limene batire amaloledwa kupereka. Imeneyi ndi mphamvu imene sola ikanasunga kuti ana awerengere usiku. Banja lanzeru lidzamuzimitsiratu masana pofuna kusunga batire, ndipo pakhoma padzatsala chibowo chakuda chomwe chija, chimene ndalama zonsezo zinaperekedwa kuti chichoke.

Amene ali pa nthambo za EDM vuto lawo ndi locheperapo, koma nawonso amagula magetsi a Credelec ndi ndalama ya m'thumba. Ndipo magetsi akathima, chithunzi chimathimanso. Nyengo ya dzinja pamakhalanso mphenzi ndi magetsi obwerera mwamphamvu, zimene zimaotcha zipangizo zosatetezedwa, kotero wogula kanema wodula ayenera kuwerengeranso ndalama ya chipangizo chotetezera.

Khoma, utsi ndi makoswe

Kanemayu anapangidwira khoma la simenti losalala ndi loongoka. Wa mainchesi 55 amalemera makilogalamu opitirira 15, ndipo zitsulo zomugwira zimafuna kubooleredwa m'khoma lolimba. Pa khoma la zidina kapena lophoma ndi dothi misomali imagwedera pakapita nthawi, makamaka chinyezi cha dzinja chikalowa. Ngakhale pa njerwa zootcha, ngati anamangira dothi m'malo mwa simenti, mmisiri ayenera kusamala kuti zitsulo zilowe m'njerwa osati m'mizere ya dothi. Kanema wotere akagwa kamodzi, galasi lake silikonzeka, ndipo kugula lina kumayandikira mtengo wa kanema watsopano.

Pali adani ena amene anthu a m'tauni saganizako. Fumbi la chilimwe limalowa paliponse. M'nyumba zimene khitchini ili pafupi, utsi ndi mwaye zimamatirira pa galasi ndi m'timabowo topumira. Denga likadontha pang'ono, madzi amatsetsereka pakhoma ndi kulowa kumbuyo kwa kanema wogona pakhomapo, pomwe kanema wokhala patebulo mayi amangomusuntha ndi kumufunditsa nsalu. Chiswe nacho chimamanga njira zake pakhoma, ndipo kumbuyo kwa chinthu chosasunthika n'kumene chimakonda.

Mdani womaliza ndi khoswe. M'nyumba imene mumagona matumba a chimanga ndi mtedza makoswe sasowa, ndipo aliyense amadziwa zimene amachita ndi nthambo. Nthambo ya kanema wamba ikadulidwa, mnyamata wokonza mawailesi pamsika amailumikiza, kapena ina imagulidwa pa ndalama yochepa. Kanthambo kopyapyala ka The Frame n'kapadera. Kamanyamula magetsi ndi zithunzi pamodzi, sikalumikizika ndi tepi, ndipo kopanda iko kanema yense sayaka. Kena kotere sikapezeka pa benchi ya pamsika wa kumudzi.

Akaonongeka apita kuti?

Kuchokera ku Mualadzi kukafika mumzinda wa Tete ndi ulendo wa makilomita opitirira 200. Kwa anthu a kumpoto kwa Chifunde, Chipata ali pafupi kuposa Tete, ndipo katundu wambiri wa m'nyumba amalowa kuchokera ku Zambia ndi ku Malawi, wina kudzera pa chipata cha Cassacatiza ndi Chanida, wina pa njinga m'tinjira ta m'midzi. Winanso amabwera ndi ana ochokera ku Joni pa nthawi ya Khirisimasi.

Wogula ayenera kudziwa kuti galanti ya makanema kawirikawiri imagwira ntchito m'dziko limene kanemayo anagulidwa. Kanema wogulidwa ku Johannesburg kapena ku Lusaka akafa mwezi wachitatu, mwini wake angafunike kumubweza komweko, ali ndi lisiti m'manja. Kunyamula galasi lalikulu chotero pa msewu wa mabampu, pamwamba pa matumba m'galimoto ya matola, ndi ngozi ina payokha. Kanema wamng'ono amakwera pa njinga ya moto atakulungidwa m'bulangete, ndipo zipangizo zake amisiri a m'matauni ang'onoang'ono amazidziwa.

Komanso kanema, kaya wodula chotani, sabweretsa yekha zoonera. Dziko la Mozambique linazimitsa njira yakale youlutsira kanema mu 2021 ndi kusamukira ku njira ya dijito, ndipo m'madera akutali ndi mizinda mabanja ambiri amaonera kudzera pa dishi ndi dekoda, monga za DStv kapena ZAP, zimene zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Amene wathera ndalama zonse pa kanema yekha adzakhala ndi chithunzi chokongola pakhoma koma mpira adzakaonera kwa neba.

Kumudzi kanema ndi wa anthu ambiri

Wailesi ya kanema inachedwa kufika m'dera lino. Ku Zambia inayamba mu 1961 ku Kitwe, ku Mozambique inayamba mongoyesera mu 1981 ku Maputo kokha, ndipo ku Malawi inayamba mu 1999. Pa nthawi ya nkhondo anthu ambiri a m'malire muno anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena mpaka ku Ukwimi, kumene pa nthawiyo kunali m'boma la Petauke. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992 anthu anayamba kubwerera, ndipo m'zaka zotsatira kanema woyamba amene ambiri anamuona anali wa m'zisakasa za vidiyo pamsika, woyendera jenereta kapena batire wa galimoto, anthu atathithikana pa mabenchi.

Khalidwe loonera pamodzi limeneli silinathe. Tsiku limene Mambas, Chipolopolo kapena Flames akusewera, nyumba ya kanema imasanduka bwalo la mudzi wonse. Pabalaza pakachepa, kanema amatulutsidwa pakhonde, amaikidwa pampando, ana pansi, akulu pa mipando, amayi pa mphasa cha kumbali. Pa ukwati ndi pa chinkhoswe kanema amabwerekedwa, ndipo mpingo ukafuna kuonetsa filimu amanyamulidwa kupita ku tchalitchi.

Ngakhale amene anakonza ntchito yofikitsa kanema m'midzi 10,000 ya mu Africa, imene mtsogoleri wa China Xi Jinping analengeza ku Johannesburg mu 2015 ndipo inafika ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia, anazindikira zimenezi. Iwo ankapereka dishi, sola ndi makanema oikidwa pa malo a anthu onse monga pa sukulu kapena pa chipatala.

Kanema wa chithunzi anapangidwira moyo wina, wa banja laling'ono lokhala pa sofa moyang'anizana ndi khoma. Akamangiriridwa pakhoma, kumuchotsa ndi kumubwezera sabata ndi sabata n'kuika galasi lake pa ngozi. Ndiponso pa makanema ambiri a mtundu umenewu, wokhala cha kumbali kwenikweni amaona mitundu itazirala. Pa gulu la anthu 30 ndi ochepa amene adzakhale pakati.

Nanga ndi woyenera yani?

Kunena kuti kanemayu ndi wachabe kungakhale kunama. Ntchito imene anapangidwira amaigwira bwino, ndipo amene amamukonda ali ndi zifukwa zomveka. Mwini nyumba ya alendo mumzinda wa Tete kapena ku Chipata, amene akufuna malo olandirira alendo aoneke bwino, angapindule naye. Chimodzimodzi mkulu wa ofesi, kapena wamalonda amene wamanga nyumba ya simenti yokhala ndi siling'i, ali pa nthambo za EDM, ali ndi intaneti, ndipo ndalama ya feteleza, ya sukulu ndi ya matenda ili kale pambali. Kwa munthu wotere kukongoletsa pabalaza ndi ufulu wake, monga wina amagulira sofa yodula.

Koma kwa banja limene chuma chake chili m'chigafa, m'munda wa chimanga kapena m'maenje a golide, mawerengero amaloza kwina. Ndalama yofanana ndi ya kanema mmodzi wa chithunzi ingagule kanema wamba wa msinkhu wabwino, sola yokwanira, batire wamphamvu, dishi ndi dekoda, n'kutsalako ya matumba a feteleza. Amene sangathe kulipira zonse nthawi imodzi, pali makampani ogulitsa sola pamodzi ndi kanema wake pa ngongole yolipira pang'onopang'ono kudzera pa lamya, monga pa M-Pesa kapena e-Mola. Nawonso ayenera kuwerengedwa bwino, pakuti zonse zikaphatikizidwa mtengo wa ngongole umaposa wa kugula pompopompo, ndipo wolephera kulipira amatsekeredwa magetsi.

Mwana wa ku Joni amene akufuna kusangalatsa makolo ake achita bwino kuyamba wafunsa zimene zili pakhomo. Bambo ndi mayi ake mwina sanganene poyera kuopa kumukhumudwitsa, koma mphatso imene imafuna inveta, khoma latsopano ndi bandulo mwezi uliwonse imasanduka katundu kwa wolandira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wopita ku sitolo, kaya akugula kanema wa mtundu uti, ali ndi mafunso amene sayenera kuchita nawo manyazi. Atembenuze kanemayo ndi kuwerenga pa kapepala ka kumbuyo kuti amadya mawati angati. Afunse ngati amayendera mavoti 12 kapena 220. Afunse kuti galanti ndi ya miyezi ingati, ndipo akaonongeka amakonzera kuti. Auze wogulitsa kuti amuyatse pomwepo, ayang'ane ngati galasi lilibe mizere kapena timadontho, ndipo asachoke wopanda lisiti yolembedwa nambala ya kanemayo. Ngati n'kotheka mayi wa pakhomo akhalepo pa chiganizocho, pakuti fodyayo anasoka nawo, ndipo ndiye amadziwa kuti m'nkhokwe mwatsala chiyani.

Zithunzi za pakhoma si zachilendo kuno

Chilakolako chofuna khoma lokongola si cha anthu a m'tauni okha, ndipo sichinabwere ndi Samsung. M'dera lomwe lino la kumpoto kwa Tete, ku Chifumbazi kumene kunadziwikanso ndi migodi ya golide, kuli phanga lokhala ndi zojambula za pathanthwe za anthu akalekale. Mjeremani wina, Carl Wiese, amene anakhalapo kwa Inkosi Mpezeni, anakumba m'phangamo mu 1907 ndi kupeza mapale a miphika yakale. Patapita zaka, akatswiri a mbiri anatenga dzina la malowa ndi kutchula chikhalidwe chonse cha alimi oyamba osula zitsulo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kuti Chifumbaze. Dzina la kwawo kwa alimi a fodyawa limawerengedwa m'masukulu a ukachenjede a maiko akutali.

Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula zotere, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambulazi zakhala pamenepo mibadwo yambirimbiri popanda batire.

Luso limeneli likadalipo m'midzi. Ntchito ya kumunda ikatha, amayi amazira nyumba ndi kukongoletsa makoma ndi katondo, dothi loyera ndi makala, kujambula mizere, maluwa ndi mbalame. Pabalaza pambiri pamapachikidwa kalendala ya mpingo, chithunzi cha ukwati, satifiketi ya mwana, nsalu yopeta, kapena chithunzi cha tsiku limene banja linapita ku Kulamba ku Mkaika. M'matauni a m'malire muli anyamata olemba zikwangwani za masitolo amene angathe kujambula munda, phiri kapena nkhope ya agogo pa bolodi, ndipo kalipentala wa pamudzi angapange felemu ya thabwa lenileni. Ngakhale Malangatana, mmisiri wa zojambula wotchuka wa dziko la Mozambique amene anamwalira mu 2011, zina mwa ntchito zake zodziwika anazijambula pa makoma enieni mumzinda wa Maputo.

Ndipo dandaulo lija la chibowo chakuda, limene linavutitsa akatswiri a ku South Korea, amayi a kumudzi analithetsa kalekale. Kanema akazimitsidwa amamufunditsa nsalu yoluka kapena chitenje chowala, chimene chimakongoletsa pabalaza ndi kutchinga fumbi nthawi imodzi.

Choncho yankho kwa mlimi wa ku Mualadzi ndi lakuti kanema wooneka ngati chithunzi ndi wabwino, koma ubwino wake umafuna magetsi osathima, khoma la simenti, intaneti ndi mmisiri wapafupi. Amene ali nazo zonsezi, ndipo ndalama yake ndi yotsala, agule ndi mtima woyera. Amene alibe, agule kanema woti aonere, pakhoma apachike chithunzi chenicheni, ndipo yotsalayo aisungire mwezi wa Januwale, pamene sukulu ikufuna zake, munda ukufuna feteleza wachiwiri, ndipo msika wa fodya ukadali kutali.